Pulogalamu imodzi, malaisensi atatu: lipoti la pulogalamu ya village banking ku Lusaka

Kagulu ka anthu olemba mapulogalamu muno mu Lusaka, komwe sindikatchula dzina, kanapanga pulogalamu yosungira mabuku a magulu a village banking ndi chilimba. Msungichuma amalemba pa foni ya Android zimene membala aliyense wasonkha, ngongole imene watenga, chiwongoladzanja ndi chindapusa cha wochedwa kubweza. Intaneti ikapezeka zonsezo zimakwera pa seva, ndipo mwezi ukatha membala aliyense amalandira sitetimenti yake. Oyamba kuigwiritsa ntchito anali amayi a malonda a ku Chawama, Kanyama ndi Mtendere.

Bungwe lakunja limene linalonjeza ndalama zokulitsira ntchitoyo linaika mfundo imodzi m'mgwirizano: code yonse, ndiye kuti malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo, ituluke poyera, ndi laisensi yovomerezedwa ndi Open Source Initiative, bungwe limene limasunga mndandanda wa malaisensi olola aliyense kuona, kusintha ndi kugawa code. Kuti ikhale iti, bungwelo linawasiyira eni ake. Apa ndi pamene anasemphana maganizo, n'kundiitana ine, poti ntchito yanga ndi kuunika code ndi malaisensi ake pulogalamu isanatuluke. Sindine loya, ndipo mapepala onse amene ndatchula m'lipotili anadutsanso m'manja mwa loya wa gululo.

Zimene aliyense ankayembekezera

Amayi amene amatsogolera gululo ndi omwe anayenda m'makomboni kuphunzitsa asungichuma, ndipo iwo ankafuna laisensi yotchedwa GPL. Anandiuza kuti, "Achimwene, ife tavutika nayo pulogalamuyi. Wina asadzangoitola, n'kuipaka penti yake, n'kumakaigulitsa kwa obwereketsa ndalama ife tili chikhalire." Mnyamata amene analemba mbali yaikulu ya seva ankafuna ina yotchedwa MIT. Mawu ake anali akuti, "Amayi, mukaika GPL palibe banki imene idzayandikire."

Onse awiri ankayembekezera kwa laisensi zinthu zimene siichita. GPL, yomwe Richard Stallman anaitulutsa mu 1989, n'kudzabwera yachiwiri mu 1991 ndi yachitatu mu 2007, siletsa munthu kugulitsa pulogalamu. Akhoza kuitenga, kuisintha ndi kuikapo mtengo umene wafuna. Chimene imalamula n'chakuti aliyense amene wam'patsa kapena kum'gulitsa pulogalamuyo am'patsenso code yake, ndi zosinthazo zomwe, pansi pa GPL yomweyo. Amayi aja atamva izi anati, "Nanga si ndiye chilimba chomwecho, walandira usonkhe?" Ndinawayankha kuti zikufanana theka lokha. M'chilimba wolandira amabweza ku gulu lomwe lam'patsa. Mu GPL ngongole yake ili kwa amene iye wawapatsa pulogalamu, osati kwa inu amene munailemba. Makasitomala ake akapanda kukuonetsani, zosinthazo simudzaziona. Ndipo ngati sanaipereke kwa munthu, akungoigwiritsa ntchito mu ofesi mwake kapena pa seva yake, alibe ngongole ndi wina aliyense.

Kwa mnyamatayo ndinangomukumbutsa kuti mabanki ambiri amayendetsa maseva awo pa Linux, yomwe ili pa GPL yachiwiri. Chimene maloya a makampani amaopa si kugwiritsa ntchito pulogalamu ya GPL, koma kusakaniza code yake m'kati mwa pulogalamu yawo imene akufuna kuigawa code ili yotseka. MIT, BSD ndi Apache 2.0 sizibweretsa mantha amenewo chifukwa zimangopempha kuti usafute dzina la mwini ndi mawu a laisensiyo. Zina zonse chita zimene ukufuna, ngakhale kutseka code.

Mapulogalamu amene amadziwika kale kuno sanathetse mkanganowo, chifukwa aliyense anapezamo umboni wake. DHIS2 ya University of Oslo, imene unduna wa zaumoyo umagwiritsa ntchito posonkhanitsa malipoti a zipatala, ili pa BSD. OpenLMIS, ya kayendedwe ka mankhwala, ili pa AGPL, mtundu wa GPL umene umagwiranso mapulogalamu a pa seva. OpenMRS, yosungira mbiri za odwala, ili pakati, pa MPL 2.0, imene imalamula kutsegula mafayilo okhawo amene wasintha. Onsewa ali moyo. Choncho tinasiya kufunsa kuti yabwino ndi iti, n'kutsegula code.

Zimene tinapeza m'kati

Funso loyamba pa ntchito yotere si lakuti mukufuna laisensi yanji, koma lakuti zimene zili kale m'katimo zikukulolani chiyani. Ndinatulutsa mndandanda wa ma library onse (zidutswa za code zolembedwa kale ndi ena) amene pulogalamuyo imadalira, kuphatikizapo amene amakokedwa ndi ma library anzawo, kenaka n'kuyang'ana ndi maso mafoda amene anthu amaponyamo zinthu pamanja. Ambiri anali a Apache 2.0 ndi MIT, ndipo database inali PostgreSQL, yomwe laisensi yake ndi yomasuka ngati ya BSD. Zovuta zinali zitatu.

Choyamba chinali iText, library imene imapanga masitetimenti a PDF pa seva. Kuyambira pa version 5, iText ili pa AGPL, ndipo amene sakufuna AGPL amagula laisensi ya malonda. Eni ake amanena poyera kuti ukaiika m'pulogalamu imene anthu amaigwiritsa ntchito kudzera pa intaneti, code ya pulogalamu yakoyo iyenera kutsegulidwa. Mnyamata uja anangoiika chifukwa ndi imene inabwera pamwamba atafufuza njira yopangira PDF mu Java. Tanthauzo lake linali lakuti ngakhale akanalemba MIT pamwamba pa mafayilo ake onse, seva yonse pamodzi ikanayendabe ndi malamulo a AGPL, ndipo banki imene ikanakhulupirira mawu a MIT aja ikanapusitsidwa.

Chachiwiri chinali kafayilo kosandutsa manambala kukhala mawu, kuti pa risiti pazilembedwa makwacha ndi mangwee m'mawu. Anakakopera pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo code, mu repo (foda ya pulojekiti) yopanda laisensi iliyonse. Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chili poyera pa GitHub n'chaulere. Ayi. Popanda laisensi, mwini wake sanapereke chilolezo chilichonse kupatula kuti uone ndi kupanga fork, kope lako la code imeneyo, pa GitHub pomwepo. Tinakachotsa, ndipo wina amene anali asanakawerengepo analemba kena. Momwemonso tinachitira ndi tizidutswa totengedwa pa Stack Overflow, tsamba la mafunso ndi mayankho a olemba mapulogalamu, poti zolembedwa pamenepo zili pa CC BY-SA, laisensi yofuna kuti chochokera pa izo chigawidwe pa laisensi yomweyo.

Chachitatu sichinali cha laisensi, koma ndichitchule poti chikanawononga zambiri kuposa zinazo. Mu mbiri ya git, chida chosunga kusintha kulikonse kwa code, munali fayilo yoyesera yokhala ndi mayina enieni a mamembala, manambala awo a foni ndi a NRC. Inali itafufutidwa kale pa branch yaikulu, koma git siiiwala. Data Protection Act ya 2021 ilipo, ndiye repo yapoyera tinaiyamba yatsopano, yopanda mbiri yakale, ndipo makiyi onse a API, khomo limene mapulogalamu ena amalankhulira ndi seva, anasinthidwa.

Kuunikaku kunaonetsanso kuti chimene onse ankachitchula kuti pulogalamu zinali zinthu zitatu: library yaing'ono yowerenga mauthenga a mobile money, seva, ndi app ya pafoni. Chilichonse chimafika kwa anthu m'njira yakeyake, ndipo njirayo ndi imene imaonetsa ngati laisensi idzagwira kapena idzangokhala chokongoletsa.

Library: Apache 2.0

Membala akatumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo, msungichuma amalandira SMS. Google inakhwimitsa malamulo a Play Store pa ma app owerenga SMS kuyambira mu 2019, choncho msungichuma amakopera uthengawo n'kuuika mu app. Library ija ndi imene imatolamo ndalama, nambala ya wotumiza, tsiku ndi nambala ya transaction, n'kuzifananiza ndi mndandanda wa mamembala. Imaonanso ngati nambala ya NRC yalembedwa bwino: manambala 6, kamzere, manambala 2, kamzere, nambala imodzi.

Mulibe chinsinsi m'menemu. Wodziwa ntchito akhoza kuilemba yekha osataya nthawi yambiri. Kuvuta kwake ndi kuisamalira, chifukwa kalembedwe ka uthenga kakasintha pang'ono, library imasiya kuzindikira ndalama, ndipo msungichuma wa ku Kanyama ndi amene amayamba kuona kuti mabuku sakugwirizana. Anthu ambiri akamaigwiritsa ntchito, vutolo limaoneka msanga ndipo wina amalikonza. Kuika GPL pa kanthu kotere n'kuuza kampani iliyonse ya pa Cairo Road kuti ilembe yake, ndipo idzalembadi. Pamenepa amayi aja sanatsutse.

Pakati pa MIT ndi Apache 2.0 ndinalangiza Apache. Inatuluka mu 2004, ndipo ili ndi ndime ya ma patent (umwini wolembetsedwa wa luso latsopano) imene MIT ilibe: aliyense woikamo code akupereka chilolezo cha ma patent ake okhudza code imeneyo, ndipo amene wakasuma kukhoti kuti pulogalamuyo ikuphwanya patent amataya chilolezo chimene analandira. Imanenanso kuti dzina ndi chizindikiro cha eni ake sizinaperekedwe. Apache Fineract ndi Mojaloop, zimene anthu a mapulogalamu a zachuma amazidziwa, zili pa laisensi yomweyo, ndiye maloya awo anaiwerengapo kale. Code ya Apache 2.0 imalowa bwinobwino m'pulogalamu ya GPL yachitatu kapena AGPL, koma Free Software Foundation imati siigwirizana ndi GPL yachiwiri yokha. Kwa gululi zimenezo sizinali vuto.

Seva: AGPL

Apa ndi pamene panali nkhani yeniyeni. Seva siiperekedwa kwa munthu. Imakhala pa kompyuta ya amene akuiyendetsa, anthu n'kumaifikira pa intaneti. Kampani yobwereketsa ndalama ikanatenga seva ya GPL, n'kuwonjezeramo njira yoyezera amene angabweze ngongole, n'kumalipiritsa magulu mwezi ndi mwezi, siikanaphwanya lamulo lililonse posaonetsa code, chifukwa sinagawire aliyense pulogalamu. GPL imene amayi aja ankaidalira inali yosagwira pamalo penipeni pamene ankaopa.

AGPL yachitatu, ya mu November 2007, inalembedwa chifukwa cha mpata umenewu. Ndime 13 imati ukasintha pulogalamu n'kulola anthu kuigwiritsa ntchito kudzera pa network, uwapatse anthuwo njira yopezera code ya zimene zikuyendazo, kwaulere. Pano ogwiritsa ntchitowo ndi asungichuma ndi mamembala, amene ndalama zawo zikuwerengedwa ndi code imeneyo. Mfundo imeneyi ndi imene inandikoka ine kwambiri, kuposa ya kuteteza thukuta la eni ake. Wina akasintha kawerengedwe ka chiwongoladzanja, gulu la amayi likhoza kupeza mwana wawo wophunzira za makompyuta kuti awaonere.

Mtengo wake ulipo ndipo sindinaubise. Google imaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito code ya AGPL, ndipo makampani ena ali ndi lamulo lofananalo. Mnyamata uja sanali kulota. Koma tinayang'ana zimene banki ingafune kwenikweni: kulumikiza makina ake ndi seva kudzera pa API, kuti ione mbiri ya gulu lopempha ngongole. Kamvedwe kofala n'kakuti mapulogalamu awiri osiyana olankhulana pa network sasanduka pulogalamu imodzi, ndiye makina a bankiyo sakhudzidwa. Tinalemba zimenezi m'chikalata chachifupi cha mafunso ndi mayankho mu repo, ndipo code yothandiza kulumikizana ndi API tinaiika mu library ya Apache ija kuti pasakhale chokayikitsa.

iText tinaichotsabe, n'kuikamo Apache PDFBox, library ina ya PDF yokhala pa Apache 2.0. Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji seva ili kale pa AGPL. Chifukwa chake n'chakuti gululo linafuna kusunga mwayi wodzagulitsa laisensi ya malonda kwa kampani imene ikufuna kuyendetsa seva yakeyake osatsegula zosintha zake. Zimenezo zimatheka pokhapokha ngati mulibe code ya AGPL ya munthu wina m'katimo. Masitetimenti anatuluka oonekako mosiyana, ndipo mizere ya matebulo inafunika kuijambula pamanja poti PDFBox siikonza yokha, koma manambala anali omwewo.

App: MPL 2.0

App imagawidwa, munthu aliyense amaiika pa foni yake, ndiye GPL ikanagwira. Zinthu ziwiri zinatibweza. App imagwiritsa ntchito Google Play services polandira mauthenga okumbutsa za msonkhano ndi tsiku lobweza, ndipo code ya ma library amenewo ndi yotseka. Kuti ikhale pa GPL yachitatu pakanafunika kulemba chilolezo chapadera pansi pa ndime 7. N'zotheka, koma ndi mawu owonjezera amene aliyense wodzaikamo code ayenera kuwamvetsa. Chinanso, gululo limaganiza zodzapanga ya iPhone, ndipo malamulo a App Store sagwirizana bwino ndi GPL: VLC, pulogalamu yoonera mavidiyo, inachotsedwamo mu January 2011 pa nkhani imeneyi, n'kudzabwerera mu 2013 malaisensi atasinthidwa.

MPL 2.0, ya Mozilla ya mu 2012, imagwira fayilo iliyonse payokha. Ukasintha fayilo ya MPL n'kugawa app, zosintha za fayilo imeneyo uzitsegule. Mafayilo ako atsopano ukhoza kuwatseka. Amayi aja anauona msanga mpatawo: "Ndiye wochenjera angoika zake zonse m'mafayilo atsopano?" Inde, akhoza. Ndinawauza kuti app yopanda seva ndi kabuku chabe kolembamo manambala, ndipo phindu lili pa seva, imene tayitchinga kale. Anavomera, koma osati ndi mtima wonse, ndipo m'maminiti a msonkhano munalembedwa kuti nkhaniyi idzaonedwenso.

Za penti ija, laisensi ya code si imene imateteza dzina. Gululo linakapereka pempho ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi zizindikiro, lolembetsa dzina ndi chizindikiro cha pulogalamuyo. Wotenga code akhoza kupanga yake, koma osaitchula dzina limene amayi a ku Chawama amalidziwa.

Mwini wake ndani

Laisensi amapereka ndi mwini code. Copyright and Performance Rights Act ya 1994, Chapter 406 ya malamulo a Zambia, imateteza mapulogalamu a pakompyuta, ndipo umwini umayamba pamene munthu walemba, osadikira kulembetsa. Amene anali pa ntchito yolipidwa anali ndi makontrakiti onena kuti zolemba zawo ndi za gulu. Koma gawo lowerengera chiwongoladzanja ndi kugawana phindu pakutha pa chaka linalembedwa ndi wophunzira wina amene ankangothandiza, wosalipidwa, wopanda pepala lililonse, ndipo pano ali ku Kitwe. Palibe amene anakangana naye. Koma kuvomera kwa pa WhatsApp kwakuti "palibe vuto" sikokwanira pamene mukufuna kudzagulitsa laisensi ya malonda, ndiye loya analemba chikalata choti asaine.

Za amene adzaikemo code m'tsogolo, panali njira ziwiri. DCO, imene Linux inayamba mu 2004, ndi mzere umodzi wa Signed-off-by pansi pa commit (kusintha kumene watumiza), wotsimikiza kuti uli ndi ufulu wopereka code imeneyo. Umwini umakhalabe wako. CLA ndi mgwirizano wosaina, umene nthawi zambiri umapatsa eni pulojekiti mphamvu yosintha laisensi. Popanda mphamvu imeneyo, kusintha kumafuna kufunsa aliyense amene anaikamo kanthu: OpenSSL inayamba kulembera anthu ake mu 2017, ndipo version yake yoyamba yokhala pa Apache 2.0 inatuluka mu 2021. Koma mphamvuyo ndi yomweyonso imene anthu anasiya kuikhulupirira. MongoDB inachoka pa AGPL kupita pa SSPL mu 2018, Elastic inachoka pa Apache 2.0 mu 2021, HashiCorp inachoka pa MPL mu 2023, Redis inachoka pa BSD mu 2024. Pa zitatu zomalizazo panatuluka ma fork: OpenSearch, OpenTofu ndi Valkey. Elastic ndi Redis pambuyo pake anawonjezera AGPL pa malaisensi awo. Chimene sichinasinthe pa zonsezi n'chakuti ma version otuluka kale anakhalabe pa laisensi yakale, ndipo ndi chifukwa chake ma fork anatheka. Ndinawauza onse awiri kuti chimene atulutse pa Apache sadzachibwezanso.

Anasankha DCO pa library ndi pa app, CLA pa seva yokha, yokhala ndi lonjezo lolembedwa lakuti code iliyonse yolandiridwa izipezekabe pa AGPL ngakhale atagulitsa laisensi ina. Mnyamata uja anakhutira poti banki yokana AGPL ili ndi khomo lina. Ine ndikukayika ngati wogula adzapezeke posachedwa, ndipo CLA idzathamangitsa ena mwa ophunzira amene akanathandiza, chifukwa munthu wobwera kudzakonza mzere umodzi safuna kusaina mapepala. Ndinanena zimenezo, iwo anasankha, ndipo ndi ufulu wawo.

Zotsala zinali za manja. Repo iliyonse inalandira fayilo ya LICENSE yake, library inalandiranso NOTICE, ndipo pamwamba pa fayilo iliyonse panaikidwa mzere wa SPDX wotchula laisensi yake: Apache-2.0, MPL-2.0 kapena AGPL-3.0-only. Mu app munawonjezedwa tsamba la malaisensi a ma library onse, lomwe ambiri amaliiwala ngakhale MIT ndi Apache zimafuna kuti mawu ake ayende ndi pulogalamu. Pansi pa tsamba lililonse la seva pali ulalo wa code ya version imene ikuyenda.

Pamene zafika

Funso limene amayi aja anafunsa pomaliza linali lakuti wina akaphwanya AGPL, ndani adzamugwire. Laisensi siidzilondera yokha. Linksys inatulutsa code ya rauta ya WRT54G, yomwe inali ndi code ya GPL m'kati, mu 2003 anthu atailimbikira, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera OpenWrt, pulogalamu yoyendetsa marauta. Milandu yosuma ophwanya GPL ya pulogalamu ya BusyBox ku United States inayamba mu 2007, ndipo kumbuyo kwake kunali maloya a Software Freedom Law Center. Gulu lino lilibe ndalama za milandu, ndipo seva ya wina yobisa zosintha ndi yovuta kuizindikira uli kunja. Chimene angathe ndi kalata. Ndime 8 ya AGPL imati wophwanya koyamba akakonza m'masiku 30 chilandirire chenjezo, ufulu wake umabwerera, ndiye loya anakonzeratu kalata yaulemu yotchula ndime imeneyo. Makampani amene ali pansi pa Bank of Zambia kapena amene amalandira ndalama za mabungwe akunja sakonda kukhala ndi kalata yotere mu fayilo yawo.

Library ndi app zinatuluka, ndipo bungwe lija linavomereza malaisensi onse atatu poti onse ali pa mndandanda wa Open Source Initiative. Seva inatuluka yopanda gawo la chiwongoladzanja, lomwe likudikira siginecha ya ku Kitwe. Gululo lagwirizana kuti ikapanda kufika gawo lotsatira la ndalama lisanatuluke, gawo la chiwongoladzanjalo lilembedwa mwatsopano kuchokera m'malamulo a magulu amene asungichuma amasunga m'makope awo.